Chinsinsi Chili Kunsi kwa Galimoto

Pa 12 Juni 2022, mpikisano wa Formula 1 wa mumzinda wa Baku ku Azerbaijan utatha, makamera anakakamira pa galimoto imene sinapambane. Lewis Hamilton, katswiri wa dziko lonse maulendo 7, anamaliza pa nambala 4, koma kutuluka m'galimoto yake ya Mercedes inali ntchito. Anadzikoka pang'onopang'ono n'kuyamba wakhala kaye pamwamba pake, dzanja lili kumsana. Sanachite ngozi, ndipo palibe anamugunda. Inamupweteka ndi galimoto yake yomwe, imene pa maulendo onse 51 ozungulira mzindawo inkangodumphadumpha, mimba yake ikumenya phula, makamaka pa msewu woongoka wa makilomita opitirira awiri pamene liwiro limadutsa makilomita 300 pa ola.

Galimoto imeneyi inapangidwa ndi timu imene inali itangotenga chikho cha opanga magalimoto zaka 8 zotsatizana, kuyambira 2014 mpaka 2021. Mainjiniya ake sanaiwale ntchito m'nyengo imodzi ya tchuthi. Anasintha ndi malamulo. Bungwe loyendetsa masewerawa la FIA linalamula kuti magalimoto onse a 2022 apangidwe mwatsopano kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndipo gwero la mphamvu yogwirira msewu linachotsedwa pamwamba, pamene aliyense amaona, n'kukaikidwa kunsi kumene diso silifika. Msana wa Hamilton unapwetekera kumeneko, ndipo Red Bull inatolanso zikho zake komweko.

Tiyambe ndi mpweya. Galimoto wamba imagwira msewu chifukwa cha kulemera kwake. Ya mpikisano imafuna kugwira kuposa pamenepo koma osanenepa, poti kilogalamu iliyonse imadya liwiro. Ndiye imabwereka mphamvu kwa mpweya. Phiko la ndege limapangidwa kuti mpweya uzilinyamula, koma mukalitembenuza, mpweya womwewo umalikanikizira pansi. Mapiko a kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto ya Formula 1 ndi amenewo. Liwiro likamakwera m'pamenenso mpweya umaipanikizira galimoto pa phula, matayala n'kumata. Mphamvu imeneyi akatswiri amaitcha downforce, ndipo ndi imene imalola dalaivala kulowa pakona ndi liwiro loti galimoto ina iliyonse ingakagwere kutchire, khosi lake likulimbana ndi mutu wolemera pafupifupi kasanu kuposa masiku onse.

Koma phiko limafuna mpweya wodekha. Galimoto yotsogola imaupeza wodekha, n'kuusiya wovundukavunduka m'mbuyo mwake. Pofika 2021 matupi a magalimotowa anali atadzaza timapiko ndi timipeni ta kaboni, makamaka pakati pa tayala lakutsogolo ndi nthiti ya galimoto, ndipo ntchito yake inali kukankhira kunja mpweya wosokonezeka wochoka kumatayala. Mwini galimoto ankapindula. Ankalira ndi wam'mbuyo. Kafukufuku wa Formula 1 anapeza kuti galimoto yolondola inzake pa mtunda wa mamita 20 inkataya 35 peresenti ya mphamvu yake yogwirira msewu, ndipo ikayandikira kufika mamita 10 inkataya 47 peresenti. Ndiye kuti dalaivala akangoyandikira mnzake, galimoto inkayamba kutsetsereka, matayala n'kutentha, kenaka injiniya pa wailesi n'kumuuza kuti ayambe wabwerera m'mbuyo kuti azizire.

Ife a ku Africa masewerawa timangowaonera pa kanema, pakuti mpikisano womaliza pa nthaka yathu unachitikira ku Kyalami, ku South Africa, mu 1993. Pa kanema liwiro silioneka kwenikweni. Chimene chimadzutsa munthu pampando ndi magalimoto awiri akulimbirana kona imodzi. Maola awiri oonera magalimoto atandandalikana ngati akuperekeza mkwati si mpikisano. Mu 2011 oyendetsa masewerawa anabweretsa DRS, kachitseko ka pa phiko lakumbuyo kamene dalaivala ankaloledwa kutsegula pa msewu woongoka akakhala kuti watsalira ndi sekondi imodzi kapena kucheperapo. Kanathandiza kuti magalimoto azipitirirana, koma vuto lenilenilo, loti sangalondolane pakona, linakhalapobe.

A Ross Brawn, amene anapambanitsapo Benetton, Ferrari ndi timu ya dzina lawo lomwe, atapatsidwa udindo woyang'anira za mpikisano ku Formula 1 anasonkhanitsa gulu la mainjiniya pansi pa a Pat Symonds, mogwirizana ndi a Nikolas Tombazis a ku FIA. Gulu limeneli linapatsidwa ntchito yachilendo: kupanga galimoto moganizira amene ali m'mbuyo mwake. Malamulo ake analengezedwa ku Austin, ku America, mu Okutobala 2019 kuti ayambe mu 2021, koma mliri wa Covid-19 unawakankhira ku 2022.

Nzeru yakale ya Lotus

Yankho lawo linali kunsi. Amene anaonapo mphepo yamkuntho ikusasula denga la malata akudziwa kale mfundo yake, ngakhale sanaitchulepo. Mphepo ikamathamanga pamwamba pa denga, mphamvu yake yopanikiza imachepa, ndipo mpweya wodekha wa m'nyumba umalikankhira dengalo m'mwamba. Tsopano tembenuzani nkhaniyo. Mukachititsa mpweya kuthamanga kwambiri kunsi kwa galimoto kuposa pamwamba, galimoto imayamwidwira pansi. Kuti mpweya uthamange choncho mumaulowetsa mu ngalande yotakasuka polowera, yopanikizika pakati, yotakasukanso potulukira. Magalimoto a 2022 anali ndi ngalande ziwiri zotere, ina kumanzere ina kumanja, zoyambira kuseri kwa matayala akutsogolo mpaka kumchira. Ubwino wake ndi woti ngalande sizidandaula kwambiri ndi mpweya wovunduka monga amachitira mapiko.

Nzeruyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1970 injiniya wa Lotus, a Peter Wright, akuyesa kagalimoto kachitsanzo m'nyumba yoyeseramo mphepo ya ku Imperial College ku London, anaona kuti m'mbali mwa kagalimotoko mukayandikira pansi mphamvu yokanikiza inkakwera. Atatseka mpata wa m'mbalimo kuti mpweya wakunja usalowerere, mphamvuyo inakwera modabwitsa. Mwini timu, a Colin Chapman, sanachedwe. Lotus 78 inatuluka mu 1977, Lotus 79 mu 1978, zonse zili ndi timakoma ta m'mbali tokhula phula, ndipo Mario Andretti anapambana mipikisano 6 n'kutenga ukatswiri wa 1978. Chaka chomwecho a Gordon Murray, mwana wobadwira ku Durban amene ankapanga magalimoto a Brabham, anaika chikupizira chachikulu kumbuyo kwa galimoto yawo choyamwa mpweya wa kunsi. Niki Lauda anapambana nayo ku Sweden, matimu ena anakwiya, ndipo galimotoyo sinapikisanenso.

Mapeto a nyengo imeneyo sanali abwino. Kuti ngalande zigwire ntchito, galimoto inkayenera kukhala pafupi ndi phula nthawi zonse, choncho masipuling'i anaumitsidwa mpaka madalaivala ankatuluka matupi ali ophwanyika. Kakhoma ka m'mbali kakangothyoka kapena kukwera pa bampu, mphamvu yonse inkatha nthawi imodzi galimoto ili pakati pa kona. Kuyambira 1983 lamulo linati kunsi kwa galimoto kukhale kosalala. Ngalande zinagona zaka pafupifupi 40.

Pozidzutsa mu 2022, timakoma tokhula phula sitinabwererenso. Timipeni ta m'nthiti tinachotsedwa. Phiko lakutsogolo linakhala losavuta, lolumikizana ndi mphuno. Lakumbuyo linapindidwa nsonga zake kuti lizisonkhanitsa mpweya wovunduka n'kuuponyera m'mwamba, kuti udumphe galimoto yam'mbuyo. Marimu anakula kuchoka pa mainchesi 13 kufika pa 18, anavekedwa zivundikiro, ndipo pamwamba pa matayala akutsogolo panabwera timapiko towongolera mpweya. Cholinga chinali choti kutaya kuja kwa 35 ndi 47 peresenti kutsike kufika pa 4 ndi 18.

Chasisi, kabokosi ka kaboni kamene dalaivala amakhalamo, nayo inasintha, ndipo apa panali maphunziro ochokera ku ngozi. Imfa ya Anthoine Hubert mu mpikisano wa Formula 2 ku Spa mu 2019, ndiponso ngozi ya Romain Grosjean ku Bahrain mu 2020, pamene galimoto inaduka pakati n'kuyaka moto, zinachititsa kuti mphuno italikitsidwe, nthiti zilimbitsidwe, komanso kuti pa ngozi yaikulu injini izithothoka popanda kung'amba thanki ya mafuta. Poyesedwa, kutsogolo kunayenera kumeza mphamvu ya kugunda yochuluka ndi 48 peresenti kuposa kale, kumbuyo 15 peresenti. Zonsezi zimalemera. Kulemera kotsikitsitsa kololedwa kunakwera kuchoka pa makilogalamu 752 kufika pa 798. Ndipo panali lamulo lina limene ambiri sanalilabadire poyamba: zipangizo zamadzimadzi ndi zina zochenjera zimene matimu ankagwiritsa ntchito pogwira galimoto kuti isagwedezeke zinaletsedwa. Anatsala ndi masipuling'i ndi mashoko wamba. Tayala la rimu yaikulu nalonso lili ndi mphira wochepa m'mbali, ndiye silimeza mabampu monga lakale.

Mitu inayamba kugwedera

Mu Febuluwale 2022 matimu anapita ku Barcelona kukayesa magalimoto atsopano. Tsiku loyamba lomwe, pa msewu woongoka, zipewa za madalaivala zinkangogwedera ngati akuvomera mafunso ambirimbiri. Chimachitika ndi ichi. Liwiro likamakwera, ngalande zimayamwa kwambiri, galimoto n'kutsika. Ikatsika, zimayamwa koposa, n'kutsikanso. Imafika poti mpata wachepa zedi, mpweya umatsamwa, kuyamwa kumaleka, masipuling'i amaikankhira galimoto m'mwamba. Ikakwera mpweya umayambanso kuyenda, n'kuikokeranso pansi. Zonsezi kangapo pa sekondi imodzi. Vutoli limatchedwa porpoising, ndipo a zaka za Lotus ankalidziwa bwino.

Funso limene anthu ankafunsa linali lomveka. Matimu okhala ndi mainjiniya mazanamazana ndi makompyuta amphamvu analephera bwanji kuliona? Mbali ina yankho lili m'malamulo omwewo. M'nyumba yoyeseramo mphepo amaloledwa kugwiritsa ntchito kagalimoto kosapitirira 60 peresenti ya kukula kwa yeniyeni, ndipo mphepo siidutsa makilomita 180 pa ola. Kagalimotoko kamagwiridwa ndi mkono wachitsulo pamwamba pa lamba woyenda, ndipo palibe amene amafuna kukatsitsa mpaka kang'ambe lamba wodula uja. Ndiye malo enieni amene vuto limabadwira, pa liwiro lalikulu ndiponso pafupi zedi ndi phula, ndi amene sankafikidwa poyesa. Manambala a pa kompyuta ankangonena kuti galimoto ikatsika mphamvu ikuchuluka. Mercedes inawakhulupirira kuposa wina aliyense.

Galimoto yawo, W13, itafika ku Bahrain mu Malichi inadabwitsa anthu. Magalimoto onse amakhala ndi zotupa ziwiri m'nthiti mmene mumakhala maladiyeta oziziritsa injini. Ya Mercedes inali ngati ilibe. Thupi linali lowonda mochititsa kaso, ndipo pansi pake panali pambalambanda mbali zonse. Inapangidwa kuti iziyenda chokwawa. Pa msewu weniweni, wokhala ndi mabampu, sinkatha kukwawa choncho popanda kudumpha, ndipo akaikweza mphamvu inkathawa. Ferrari inabwera ndi F1-75 ya zotupa zazikulu zokumbika pamwamba. Nayonso inkadumpha, koma inkadekha ikafika pakona, ndipo inali yothamanga.

Red Bull inali ndi munthu mmodzi amene anaziona ndi maso zaka za ngalande zoyamba. A Adrian Newey anamaliza maphunziro ku yunivesite ya Southampton mu 1980, ndipo ntchito yawo yomalizira sukulu inali pa nkhani yomweyi ya kuyamwa kwa kunsi kwa galimoto. Atangochoka kusukulu analowa ntchito ku timu ya Fittipaldi nthawi imene magalimoto ankadumpha choncho. Popanga RB18, galimoto ya Red Bull ya 2022, iwo anasiyira anzawo mbali yaikulu ya mapiko ndi thupi, n'kudzitengera okha ntchito imene achinyamata ambiri amaiona ngati yosasangalatsa, yokonza mikono yogwira matayala ndi masipuling'i. Anaipendeketsa mikono yakutsogolo mwa njira yoti galimoto isamagwade dalaivala akaponda buleki, ndi yakumbuyo kuti isamakhale pansi akaponda moto. Ngalande zawo sizinapangidwe kuti zitulutse mphamvu yaikulu koposa pa msinkhu umodzi wokha, koma kuti zizigwirabe ntchito galimoto ikakwera pang'ono kapena kutsika pang'ono.

Apa ndi pamene ine ndimaona phunziro lenileni la magalimoto a nyengo imeneyi. Kwa zaka zambiri m'mafakitale a matimu, a za mpweya ndiwo anali mafumu, a za chasisi n'kumangokonza zimene auzidwa. Ngalande zinathetsa ufumu umenewo. Mamilimita ochepa a kukwera kapena kutsika kwa galimoto ankasintha zonse, ndipo amene amalamulira mamilimita amenewo ndi sipuling'i. Timu imene inaganizira ziwirizi pamodzi kuyambira pa tsiku loyamba inawasiya anzake ndi zaka ziwiri.

Mpikisano woyamba, ku Bahrain pa 20 Malichi, unapereka chimene a Brawn analonjeza. Charles Leclerc wa Ferrari ndi Max Verstappen wa Red Bull anapitirirana maulendo atatu otsatizana, wina kulanda pa kona yoyamba, mnzake kubweza pa kona yachinayi, popanda wina kutsalira chifukwa cha matayala otentha. Leclerc anapambana, magalimoto onse awiri a Red Bull atafa chakumapeto chifukwa cha vuto la mafuta. Sabata yotsatira ku Jeddah analimbananso mpaka kumapeto, Verstappen n'kupambana. Madalaivala ambiri anavomereza kuti kulondola mnzako kunali kutapepuka. Amene amanena kuti malamulo a 2022 analephera amaiwala masabata amenewo.

Za ku Baku zitachitika, FIA inalowererapo ponena kuti nkhaniyi tsopano ndi ya thanzi la anthu. Inaika muyeso wa kudumpha kololedwa, umene unayamba kugwira ntchito ku Belgium mu Ogasiti, ndipo kuyambira 2023 m'mphepete mwa pansi pa galimoto munakwezedwa ndi mamilimita 15. Matimu ena anadandaula kuti Mercedes ikusinthitsa malamulo chifukwa cholephera ntchito, kuti ingoikweza galimoto yakeyo n'kuvomereza kuchedwa. Mfundo yawo inali ndi mutu, koma ine ndili mbali ya FIA. Dalaivala mukamufunsa kuti asankhe pakati pa msana wake ndi kachigawo ka sekondi, amasankha sekondi. Ndiye pamafunika wina womukanira.

Chaka cha 2022 chinatha Verstappen atapambana mipikisano 15 mwa 22. Mercedes inapambana umodzi wokha, wa George Russell ku São Paulo, ndipo Hamilton kwa nthawi yoyamba chiyambire mu 2007 anamaliza chaka osapambana. Mu 2023 RB19 ya Red Bull inapambana 21 mwa 22, wotsalawo n'kutengedwa ndi Carlos Sainz ku Singapore. Mercedes inataya thupi lowonda lija ku Monaco mu Meyi 2023. Ku Monaco komweko Sergio Pérez wa Red Bull anagunda khoma, kireni n'kuinyamula galimoto yake m'mwamba, ojambula zithunzi ali chire pansi. Tsiku limenelo matimu onse anaona kunsi kwa Red Bull, makhwawa ndi timizere tosawerengeka. Kuona sikunawathandize msanga, chifukwa ngalande imeneyo inkagwira ntchito ndi masipuling'i ake.

Kufunafuna kukwawa kunabweretsanso milandu. Kunsi kwa galimoto iliyonse kuli thabwa la mamilimita 10 limene linaikidwa mu 1994, Ayrton Senna atamwalira ku Imola, kuti matimu asamatsitse magalimoto mopitirira. Pa malamulo a nthawi imeneyo, likaperepeseka kuposa milimita imodzi, dalaivala ankachotsedwa pa mndandanda. Ku Austin mu 2023 zinawagwera Hamilton, amene anamaliza wachiwiri, ndi Leclerc.

Kulimbitsa chasisi kuja kunayesedwa ku Silverstone mu Julayi 2022. Alfa Romeo ya Zhou Guanyu inagubuduka poyambira penipeni, n'kukhwekhwereka chagada mpaka kudumpha mpanda wa matayala. Chitsulo choteteza mutu cha kuseri kwa dalaivala chinathyoka, koma halo, chikombole cha titanium chozungulira mutu chimene ambiri ankachinyoza chitabwera mu 2018, chinagwira. Zhou anatuluka wamoyo wopanda chovulala chachikulu, ndipo malamulo a chitsulo chinathyokacho anakhwimitsidwa.

Pang'onopang'ono mainjiniya anapeza njira zokankhiranso mpweya kunja kudzera pa phiko lakutsogolo, m'mphepete mwa pansi ndi mozungulira mabuleki, ndipo madandaulo a mpweya wovunduka anabwerera. Sindiwaimba mlandu, poti amalipidwa kuti galimoto yawo ipambane, osati kuti ya mnzawo ilondole bwino. Chimene chinagwira ntchito mosakayikitsa ndi malamulo ena awiri oyenda limodzi ndi a galimotowa: malire a ndalama, amene anayamba pa madola 145 miliyoni mu 2021, ndi lamulo loti timu yotsogola izipatsidwa nthawi yochepa yoyesera mphepo kuposa yotsalira. McLaren, imene inayamba 2023 ili kumchira, inatenga chikho cha opanga magalimoto mu 2024, koyamba chichokere 1998.

Malamulo a 2026, monga FIA inawalengezera mu Juni 2024, akuvomereza zimene madalaivala akhala akunena, kuti magalimoto anakula, analemera ndiponso anauma. M'lifupi akuchoka pa mamilimita 2,000 kufika pa 1,900, mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ukuchoka pa 3,600 kufika pa 3,400, kulemera kukutsika kufika pa makilogalamu 768, ndipo matayala akuwonda. Makilogalamu 30 ndi ochepa tikakumbukira kuti mu 2008 galimoto ndi dalaivala wake zinkalemera 605, komabe n'koyamba m'zaka zambiri kuti sikelo ibwerere m'mbuyo moonekera. Ngalande zazikulu zija zachepetsedwa, mbali yaikulu ya kunsi yasalazidwanso, kuti galimoto isamakakamizike kukwawa.

Chachilendo kwambiri ndi mapiko oyenda. DRS yatha. M'malo mwake phiko lakutsogolo ndi lakumbuyo amagona pa msewu woongoka kuti galimoto idule mphepo mosavuta, n'kudzukanso pofika pakona, ndipo izi ndi za dalaivala aliyense, wotsogola ndi wotsalira yemwe. Wofuna kupitirira mnzake amapatsidwa magetsi owonjezera. Gwero la zonsezi ndi injini. Mota ya magetsi yakwera kuchoka pa makilowati 120 kufika pa 350, pafupifupi theka la mphamvu yonse, ndipo batire singapirire msewu wautali ngati wa ku Baku kapena Monza galimoto ikulimbana ndi mphepo monga kale. N'chifukwa chake FIA inafuna kuti kukana kwa mphepo kutsike ndi 55 peresenti. Poyamba ankaganiza zoyendetsa phiko lakumbuyo lokha, koma poyesa pa makompyuta zinaoneka kuti likagona lokha kutsogolo kumagwirabe msewu mwamphamvu, kumbuyo kutapepuka, ndipo galimoto imafuna kuzungulira. Anayenera kuwayendetsa onse awiri pamodzi. Tsopano pa kona iliyonse mapiko akamadzuka, mphamvu yokanikiza izibwerera nthawi imodzi dalaivala ali pa buleki, ndipo amene azilandira katundu ameneyo ndi mikono ya matayala ndi masipuling'i. A Newey anachoka ku Red Bull n'kuyamba ntchito ku Aston Martin mu Malichi 2025, ndipo ntchito yaikulu imene anapatsidwa kumeneko ndi galimoto ya malamulo amenewa.